Foni M'bokosi la Malemu a Gerishon

Ntchito yanga ndi yotchaja mafoni pa Dambe, ndipo dzina langa ndine Binwell. Ndili ndi masola awiri padenga, batire lagalimoto pansi pa tebulo, ndi wailesi imene imabwebweta kuyambira m'mawa mpaka nditseke. Wailesi imeneyi imakonda nkhani za luso lamakono. Sabata ino imati kumzinda akhazikitsa netiweki yothamanga koposa, sabata yamawa imati intaneti iyamba kutsika kuchokera mumlengalenga, kenaka kumabwera bwana wina wa mawu osalala n'kutilonjeza kuti palibe amene adzatsalire m'mbuyo. Ine ndimangomvera uku ndikumata timapepala ta mayina pamafoni a anthu. Kutsalira m'mbuyo ife sitikuopa, chifukwa ndiko timakhala.

Munthu amene ndikufuna kunena za iye sanagwirepo foni ndi dzanja lake mpaka atakwana zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndi mayi Mailesi, amene aliyense kuno amawaitana amake Wisdom.

Anabadwira kumtunda kwa Dambe, m'mudzi umene ukaima pakhomo umaona minda ya ku Mozambique. Sukulu analekezera sitandade 3, chaka chimene mlatho wamitengo unakokoloka, ndipo pamene unkamangidwanso iwo anali atazolowera kale khasu. Anakula akupuntha tirigu ndi kukumba kachewere, ndipo mpaka lero akagwira mbatata m'manja amakuuzani munda umene yachokera. Si munthu wa mawu ambiri. Mukawafunsa kuti ali bwanji amayankha kuti ali bwino, kaya mwendo watupa.

Mawu onse a m'nyumba imeneyo anali kwa amuna awo, a Gerishon. Iwowa anali a ku Ligowe, anabwera kuno panjinga kudzapikula kachewere, n'kuona mtsikana akunyamula dengu, basi njinga inaiwala njira yobwerera. Anakhala mkamwini zaka makumi anayi. Anali munthu wolimbika pantchito, wosamwa mowa, koma wokonda kulangiza. Ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba ankaiuza kaye kulakwa kwake asanaithamangitse. Ana anabadwa atatu. Awiri anapita asanayambe kuyenda, n'kutsala Wisdom yekha.

Wisdom anapita ku Joni mu 2016, monga anyamata ambiri akuno amapitira, wopanda mapepala okwanira koma ndi chikwama chodzaza malonjezo. Asananyamuke anatsika ndi bambo ake ku boma kukagula kafoni kamabatani, layini n'kulembetsa m'dzina la a Gerishon. Nambalayo Wisdom anailoweza pamtima. Sanatenge nambala ya wina aliyense, chifukwa panthawiyo m'mudzi mwawo munalibe foni ina.

Tsono kukhala ndi foni ndi nkhani ina, kuti foniyo ilire ndi nkhani inanso. Kumudzi kwa amake Wisdom netiweki kulibe. Imene imafika ndi ya ku Mozambique, foni imangokulonjerani m'Chipwitikizi n'kukusiyani pomwepo. Ya kwathu kuno imapezeka pamwala wina waukulu pamwamba pa phiri, ulendo wa ola limodzi kwa munthu wa miyendo yabwino. Malowo anthu anangowatcha kuti pa Halo. Ukafika umapeza anthu atakweza manja m'mwamba ngati ali pachitsitsimutso, wina akukuwa, wina akuzungulirazungulira kufunafuna pamene mawu akumvekera.

Pangano la bambo ndi mwana linali lotere. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Gerishon azikhala pa Halo foni ili yoyatsa kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka, ndipo Wisdom akapeza mpata aziimba nthawi imeneyo. Loweruka lililonse a Gerishon ankabwera nayo foniyo kwa ine, itakulungidwa m'kapulasitiki ka shuga, ndipo podikira kuti idzaze ankandilangiza za kakonzedwe ka denga langa.

Wisdom ankaimba kanayi kapena kasanu pachaka, koma makolo akewo ankakwera phiri sabata iliyonse, mvula kaya dzuwa. Foni ikalira, a Gerishon ankayamba ndi iwo, malangizo okhaokha, za mowa, za akazi a kumeneko, za munda umene ukulema bambo wokalamba. Akatha ankaigwirizira foniyo pakhutu la akazi awo, osaisiya m'manja, poopa kuti angadine pena pake. Amake Wisdom, munthu wofatsa uja, pafoni ankakuwa, chifukwa ku Joni ndi kutali. Mafunso awo anali awiri okha: ukudya kodi, nanga kukuzizira? Akamva mayankho ankati basi, n'kuchotsa mutu.

Vuto linali lakuti Wisdom sankaimba ndi nambala imodzi. Lero ya kapitawo wa pafamu, mawa ya mnzake wa ku Zimbabwe, tsiku lina ya m'sitolo. Ankati asamuimbire pa manambala amenewo, angamuikitse m'mavuto. A Gerishon ankawalembabe onse kuchikuto cha buku lawo la nyimbo. Choncho chingwe chonse chimene chinamanga mnyamata uja ndi kwawo chinali nambala imodzi ija, ndipo chinkakokedwa kuchokera mbali imodzi.

Khirisimasi ya 2022 inagwa Lamulungu, ndipo foni inalira. Amene anali pa Halo tsikulo anamva zonse, popeza pamenepo chinsinsi palibe. A Gerishon anafunsa ngati mwana akubwera chaka chimenecho, mwana n'kuyankha kuti zinthu sizinalongosoke. Apo mkulu uja anapsa mtima.

“Zaka zisanu ndi chimodzi zinthu zisanalongosoke? Iwe, ine mawondo atha ndi phiri limeneli. Ngati sukufuna kwanu unene, ndileke kudzivutitsa. Usandiimbirenso ngati ulibe tsiku lobwerera!”

Anadula foni. Tsiku limenelo amake Wisdom sanafunse mafunso awo awiri aja. Anatsika phiri, amuna awo ali patsogolo akupitiriza kulangiza mwana amene sanali kuwamva. Lamulungu lotsatira a Gerishon anakweranso, ndipo linalo anakweranso, chifukwa mkwiyo wawo unali wapakamwa chabe. Pakati pa Januwale ananyowa ndi mvula pochokera kumunda, chibayo chinawagwira, ndipo patatha masiku anayi anatisiya.

Uthenga wa maliro kwathu kuno suyenda chisawawa. Amatumidwa munthu wodziwika, amafika, amakhala pansi, ndipo amanena mawuwo kwa woyenera kuwamva. Ku Ligowe kunapita munthu panjinga yamoto. Kwa Wisdom kunalibe wopita. Ine ndi akuluakulu awiri a mpingo tinakwera pa Halo ndi buku la nyimbo lija n'kuyesa manambala onse. Ambiri anali akufa. Imodzi anayankha mzimayi wa chiyankhulo chimene palibe anachimva, n'kutidulira. A Gerishon anaikidwa m'manda mwana wawo asakudziwa.

M'mawa mwake abale a malemu anachita monga mwa mwambo. Mkamwini akamwalira, katundu wake sagawidwa pomwepo. Amasonkhanitsidwa, amatsekeredwa, ndipo amadikira tsiku limene akuchimuna adzabwerenso kudzasudzula mkazi wamasiye, ndiye kuti kumumasula ku ukwatiwo, ndi kugawa zimene zatsala. Wotsogolera zimenezi anali mng'ono wa malemu, a Zefaniya, amene amadula nzimbe ku Chikwawa. Anatenga bokosi lachitsulo la a Gerishon n'kuikamo jekete, nsapato za kutchalitchi, buku la nyimbo, lumo lometera, ndi foni ija m'kapulasitiki kake.

Amake Wisdom anali atakhala pamphasa pakona, mutu wofunditsidwa. Anayankhula kamodzi kokha, motsitsa mawu.

“Alamu, nanga foniyo? Mwana akaimba?”

A Zefaniya si munthu woipa, ndisawanamizire. Anayankha mwaulemu ndithu.

“Alamu, foni siwola. Nambala ili ngati munda, ukaugoneka chaka umakhalabe wako. Mwana akaimba n'kupeza yotseka, adzaimbanso. Ine ndibwera tikangokolola, tidzamalize zonse bwinobwino. Tikayamba kutulutsa ichi lero, mawa wina adzati nanenso jekete.”

Anthu onse anagwedeza mitu, chifukwa mawuwo anamveka anzeru. Amake Wisdom sanabwerezenso. Mkazi wamasiye amene akulimbikira katundu wa mwamuna dothi la kumanda lisanaume, anthu amayamba kufunsana kuti kodi malemuyo anafa ndi chibayo chenicheni. Loko anatsekedwa, kiyi analowa m'thumba la a Zefaniya, ndipo bokosi linatsala m'nyumba momwemo.

Ine ndinalipo, ndipo pa anthu onse aja ndine ndekha amene ndinali nditamvapo kuti layini ikakhalitsa osagwira ntchito a kampani ya mafoni amaidula. Ndinazimva pawailesi, pakati pa nyimbo ndi malonda a sopo. Sindinanene. Ndinaganiza kuti miyezi itatu si yambiri, komanso inenso ndine mkamwini kuno, kwathu ndi ku Lisungwi, ndipo mkamwini satsegula pakamwa pamaliro a eni ake. Zifukwa zimenezi ndi zoona, koma ndikazikumbukira ndimachita manyazi.

Mu Malichi kunabwera namondwe uja amene anasakaza kumunsi konse, ndipo nyumba ya a Zefaniya ku Chikwawa inagwa. Nthawi yokolola inakwana iwo akuumba njerwa. Atamaliza, nyengo yodula nzimbe inayamba, ndipo wodula nzimbe akachoka pakati pa nyengo amapeza chikwanje chake chili m'manja mwa wina. Anatumiza mawu kuti abwera ntchito ikatsekedwa.

Miyezi yonseyi amake Wisdom ankagona mapazi awiri kuchokera pabokosi lija. Analisamalira kuposa mmene ankadzisamalirira okha. Analikweza panjerwa kuti chinyezi chisalowe, analifunditsa chitenje, ndipo denga litayamba kudontha anasuntha bokosi n'kusiya mphasa yawo pamene pankadonthapo. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankangolunjika kunyumba. Anzawo a chigwirizano amati sankadandaula, ankangofunsa kawirikawiri kuti lero ndi tsiku lanji la mwezi.

Mu Juni anatulukira pa shopu yanga, koyamba m'moyo wawo. Anaima pakhomo mpaka anthu onse atachoka.

“A Binwell, ndimati ndifunse nawo. Kodi munthu akaimba foni ili m'bokosi, mawu akewo amasungika m'katimo?”

Ndinawauza kuti ayi. Kenaka ndinawauza zimene ndinayenera kunena mu Januwale, kuti layini yosagwiritsidwa ntchito amaidula, ndipo mwina nthawi yatha kale. Ndinawauza kuti loko ameneyo ndi wa pamsika, kumumenya kamodzi ndi msana wa nkhwangwa amatseguka, ndipo ine ndikhoza kubwera kudzachitira umboni kuti chatulutsidwa ndi foni yokha.

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akafukule manda.

“Ndithyole bokosi la malemu, eni ake kulibe? Ndiye mwana akadzabwera adzamva kuti amake anatani?”

Anatumiza uthenga ku Chikwawa kudzera kwa munthu wina wa kabaza amene ali ndi mbale kumeneko. Yankho linabwera patatha masabata atatu: alamu adekhe, zotsala ndi zochepa, ndipo za kudula layinizo ndi nkhani za anyamata ofuna kugulitsa masimu atsopano. Mnyamata wake ndinali ine, wa imvi zanga zino.

Anthu ena amandifunsa kuti bwanji sitinamufufuze Wisdom pa intaneti. Ndinayesa, pafoni yanga yosisita ndi chala, nditakhala pa Halo mpaka batire kutha. A Wisdom ndinawapeza ambirimbiri, ena atavala magalasi akuda, ena atatsamira magalimoto a eni ake, koma wathuyu panalibe. Munthu wopanda mapepala sayenda ndi dzina la kwawo.

A Zefaniya anafika kumapeto kwa Novembala, ndi alongo awo awiri ndi mkulu wina wa ku Ligowe. Mwambo unayenda bwino, palibe anakangana. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, anayamika amake Wisdom kuti anasunga m'bale wawo zaka makumi anayi, anawamasula, ndipo bokosi linatulutsidwa. Jekete inapita kwa a Zefaniya, nsapato kwa mphwawo wina, njinga inatsala pakhomo. Pofika pafoni, a Zefaniya anaikweza m'mwamba kuti onse aone.

“Iyi ikhale ya alamu, popeza ndi yoyankhulira ndi mwana. Mwaona, alamu? Ili gwa, ngati yatsopano.”

Inalidi ngati yatsopano. Amake Wisdom anailandira ndi manja awiri, n'kuimanga pamfundo ya chitenje, ndipo alendo asanatsanzike n'komwe iwo anali atafika kale kwa ine. Ndinaitchaja, inayaka, inaimba kanyimbo kake. Tinakwera limodzi pa Halo. Mafoni a ena onse anali kulira, koma iyi sinaonetse ngakhale kamzere kamodzi ka netiweki. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, ndinatulutsa simu n'kuipukuta pamalaya, zimene timachita tikafuna kuti mwini foni aone kuti tayesetsa. Ndinawauza kuti tipite ku boma.

Tinapita Lachiwiri, tonse awiri pa kabaza mmodzi, mayi aja atatseka maso njira yonse. Pa boma pali kashopu ka wothandizira kampani ya mafoni. Pakhoma pake anamatapo chithunzi cha mlimi wa mano oyera, ataima m'munda wa chimanga chobiriwira, akumwetulira foni yaikulu. Malaya ake analibe ngakhale kadontho ka thukuta. Kuseri kwa tebulo kunali mtsikana wotchedwa Jessie, waulemu wake koma wofulumira.

“Layiniyi inalembetsedwa m'dzina la ndani, amayi?”

“La bambo a kunyumba.”

“Ali kuti? Pamafunika abwere okha ndi chiphaso chawo.”

“Anatisiya mu Januwale.”

Jessie anapepesa, anafunsa nambala, ine ndinamuwerengera kuchokera pakapepala kanga. Anadinadina pamakina ake, n'kudzutsa mutu.

“Amayi, nambala iyi ili ndi mwini wina kuyambira mu Ogasiti.”

“Anagula kwa ndani? Ife sitinagulitse.”

“Sikuti munagulitsa ayi. Nambala imakhala ya kampani, inu mumangobwereka. Ikakhala nthawi yaitali osaimba, osalandira, osathira mayunitsi, amaitenga n'kupatsa wina.”

“Osatiuza?”

“Amatumiza uthenga pafoni pomwepo.”

“Foniyo inali m'bokosi.”

Jessie anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mlimi wa pakhoma. Ndinafunsa ngati pali njira yoibwezera, iye anati palibe, mwini watsopanoyo analembetsa ndi chiphaso chake ndipo sanalakwe chilichonse. Anati akhoza kuwapatsa amayiwo nambala ina yabwino, yosavuta kuloweza. Amake Wisdom anafunsa kuti nanga mwana akaidziwa bwanji yatsopanoyo.

Tinatuluka n'kukhala pakhonde la sitolo yoyandikana nayo. Pa boma netiweki ndi yodzaza, moti munthu umaimba utakhala pansi. Ndinawauza kuti chatsala ndi chimodzi, tiimbe nambala ya malemuyo timve amene ayankhe. Anavomera ndi mutu. Ndinaimba pafoni yanga n'kukweza mawu kuti timve tonse.

Anayankha mzimayi, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la msika. Ndinadzifotokoza, ndinanena kumene tikuimbira, ndinapempha kuti asadule. Anati dzina lake ndi Lucy, amagulitsa tomato ku Kasungu, ndipo layiniyo anagula yatsopano m'kapepala kake. Ndinafunsa ngati pali munthu wa kunja amene anaimbapo kufuna a Gerishon.

“Eee, ameneyo! Nambala zachilendo zija? Anandivutitsa bambo ameneyo. Lamulungu lokhalokha, masana, ine ndili pakati pa makasitomala.”

Amake Wisdom anasendera pafupi mpaka phewa lawo linagunda langa.

“Anaimba kangati, mayi?” ndinafunsa.

“Katatu kapena kanayi. Koyamba anati ndipatseni bambo. Ndinati mwalakwitsa nambala. Anati sangalakwitse, nambala imeneyi amaidziwa kuposa dzina lake. Anati wakhala akuimba chaka chonse ikumveka yotseka. Kachiwiri chimodzimodzi. Komaliza linali Tsiku la Anakubala, ndikukumbuka chifukwa ana anga anandigulira chitenje. Anati ngati bambo sakufuna, ndipatseniko amayi okha, ndiwafunire zabwino. Ine ndinamuuza zoona, kuti bambo inu, kuno ndi ku Kasungu, layini iyi ndinagula ndekha, anthu anuwo sindikuwadziwa.”

“Ndiye anati chiyani?”

“Anangoti, ‘Ndiye kuti anaitayadi. Anandiuza kuti ndisaimbenso, ine ndimayesa akungonena. Pepani mayi, sindidzakuvutitsaninso.’ Basi, mpaka lero.”

Ndinafunsa ngati nambala imene anaimbira ikadalipo. Anati mwamuna wake anafufuta zonse, chifukwa sankakondwa ndi mwamuna wachilendo woimba Lamulungu lililonse, ndipo wakhala akumuuza kuti aitaye layiniyo agule ina.

Apa amake Wisdom anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anatenga foni m'manja mwanga, anatsika pakhonde, n'kugwada pansi pafumbi, monga amagwadira munthu popempha kwa wamkulu. Anthu odutsa anaima. Sanakuwe ngati kale pa Halo. Anayankhula ndi mawu awo a masiku onse.

“Mayi, ndine amake mwanayo. Ndagwada kuno, simukundiona. Layiniyo musaitaye. Ndilibe china chokupatsani, koma kachewere ndikakolola ndidzatumiza. Musaitaye, mayi.”

Lucy anayankha, phokoso la msika likumveka kumbuyo kwake.

“Dzukani, amama, musandigwadire ine mwana. Sinditaya. Bambo akunyumba ndiwafotokozera. Nanga akaimba ndimuuze chiyani? Ndimupatse nambala iyi mwaimbirayi?”

“Mumupatse.”

“Koma mmene anamvekera tsiku lija, amama, akhoza kukana kuilemba. Munthu uja anakhumudwa. Bambo akewo bwanji osangomukhululukira mwana?”

Amake Wisdom anatembenuka kundiyang'ana. Ndinadziwa chimene ankafunsa. Mawu a maliro sanenedwa pamsewu, sapatsidwa kwa mlendo, ndipo mayi sanena yekha kwa mwana wake. Pamafunika malume, pamafunika kukhala pansi. Munthu amene anagona miyezi khumi pafupi ndi loko wa pamsika osamukhudza sakanafuna kuti ine ndimuphunzitse mwambo. Ndinangoyang'ana pansi.

Anabwezera foni pakhutu.

“Mumuuze kuti bambo ake sanamutaye. Anakwera phiri masabata awiri kumudikira. Anamwalira pa 17 Januwale, tinawaika kwathu konkuno. Mumuuze atakhala pansi, mayi. Muyambe mwamufunsa ngati wadya.”

Mayi wa ku Kasungu uja anati, “Mayo ine,” ndipo tinamumva akuuza wina kuti amuyang'anire tomato. Kenaka anapepesa maliro mwadongosolo lake lonse, ngati wafika pasiwa, ndipo amake Wisdom anayankha mwadongosolo lomwelo, ali chigwadire pafumbi la pa boma. Atatha, Lucy anafunsanso tsiku ndi dzina la malemu kuti alembe pakatoni.

Tinagula simu yatsopano tsiku lomwelo, m'dzina la amake Wisdom, ndipo nambala yake tinaitumiza ku Kasungu. Lucy amaimba mwezi ndi mwezi, Lamulungu masana mayi aja ali pa Halo, kunena kuti layini ija akadali nayo. Kachewere anapita kawiri, pa lole ya anthu a ku Ntcheu.

Uthenga wa maliro a Gerishon uli ku Kasungu, kwa mayi wogulitsa tomato, wolembedwa pachidutswa cha katoni. Zaka ziwiri zakwana, ndipo mwini wake sanaimbe kuti aulandire.